Akamwana amene sanayankhe

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "tabwera kudzawunika," mtima umandiyaka. Ndimaphunzitsa sayansi ku Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale cha kuseri kwa Champhira. Ndakumana nazo zambiri pa ntchitoyi, makalasi odontha, ana odzaza mpaka pakhomo, koma palibe chinandipsetsapo mtima ngati zimene anatichita anthu owunika aja. Ndipo anatichita pogwiritsa ntchito dzanja langa lomweli.

Ine si wa kuno. Kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwera ndi ntchito, banja n'kundipeza konkuno. Amuna anga ndi a m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Anandilowola bwinobwino, choncho m'mudzimo ndine mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo. Chitumbuka ndimamva chonse, ndimayankhulanso, ngakhale ana amaseka lilime langa.

Nditangolowa m'mudzi anandiphunzitsa kuti pamene pali apongozi aamuna, amene kuno timati atatavyara, mkamwana sakweza mawu. Sukhala nawo pampando umodzi, suwayang'ana kumaso, ndipo ukakhala ndi nkhani umaidzeretsa kwa apongozi aakazi kapena kwa amuna ako. Poyamba zinandisautsa, chifukwa ine pakamwa panga sipachedwa kutseguka. M'midzi ina zimenezi zayamba kuzilala, kwathu zikadalipo. Koma musaganize kuti atatavyara anga ndi munthu woopsa. Ndi mdala wofatsa, amene amandisiyira mapapaya pakhonde osanena kuti achokera kwa iwo. Ulemuwo nawonso amaubweza. Tikakumana panjira amapatuka, ndipo akaona kuti akamwana tili ndi zokamba amanyamuka okha n'kutisiyira malo. Iwowo analinso m'komiti ya sukulu yathu.

Bungwe lina, limene sinditchula dzina, linapereka mabokosi a zipangizo za sayansi ku sukulu zingapo za kuno. Lathu linali lachitsulo, lobiriwira, la loko wamkulu. M'kati munali sikelo yaing'ono, magalasi okulitsira zinthu, timabotolo, ndi maikulosikopu imodzi. Abale inu, maikulosikopu! Ine mwini ndinali nditaigwirapo kamodzi kokha ku koleji, tili pamzere, wina akundikankha kumbuyo. Pano inali pa tebulo langa, ana a kumudzi akuonera phiko la ntchentche n'kumakuwa. Pangano linali lomveka. Pakapita nthawi adzabwera kudzawunika. Sukulu imene sayansi yake yafika mpaka kunyumba kwa makolo idzasunga bokosi, imene yalephera bokosi lidzapita kwina.

Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti sayansi yoti ingalowe m'nyumba za kuno ndi iti. Yankho linali chimanga. Chaka ndi chaka anthu amathira m'matumba chimanga chosauma bwino, pofika nthawi ya mvula chachita chuku. Ndiye ndinaphunzitsa ana kuyesa ndi botolo. Umatenga botolo lagalasi louma, kuthiramo chimanga chotonola ndi mchere pang'ono, kutseka, kukhutchumula, n'kuliika pansi kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Ana anapita nazo kunyumba. Sabata isanathe amayi awo anayamba kubwera okha, mpaka tinapangana kuti Lachitatu lililonse ana akaweruka, kalasi ndi ya azimayi.

Amene anatsogola pa zonsezi ndi mkazi wa akulu awo a amuna anga, mkamwana mnzanga, amene ndimangowatcha akulu. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma mutu umenewo ndi wina. Tsiku lina anafika ndi mabotolo atatu m'dengu.

"Madamu, mchere wanu uja ndi wabodza chomene," anatero. "Umamata ngakhale m'botolo lopanda chimanga."

Anali atayesa okha. Botolo lina anathiramo mchere wokha wa pa golosale, lina mchere wokazinga pa chiwaya, lina mchere wokazinga ndi chimanga. Anapeza kuti mchere wa pa golosale umabwera kale ndi chinyezi, uyenera kuyamba waumitsidwa. Zimenezo ine ndinali nditaiwala kuwauza, ndipo ndinachita manyazi osangalala. Kuyambira pamenepo akulu ankapita ndi botolo lawo ngakhale pa msika wa Champhira, kukangana ndi mavenda amene ankati chimanga chawo ndi chachiwisi pofuna kugula motchipa. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali chimodzi. Ankafuna kuona chuku pa maikulosikopu ndi diso lawo, chifukwa sankakhulupirira kuti ndi chinthu chamoyo, chomera. Ndinawalonjeza. Koma ahedi athu, atamva kuti owunika ayandikira, anakhoma bokosi mu ofesi mwawo kuti lisade alendo asanafike. Ndinawauza akulu kuti adikire, alendo akangopita tidzaona.

Kenako inabwera kalata ya bungwe lija yondiitana ku Boma la Mzimba, ku maphunziro a masiku atatu. Ati akufuna kutikulitsa luso kuti ifenso aphunzitsi tizitha kuwunika ntchito yathu. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinasita zovala zitatu.

Wotiphunzitsa anali mayi wa ku Lilongwe, wophunzira kwambiri, woyankhula bwino. Sanali mzungu ayi, anali Mmalawi mnzathu, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa kawiri. Masiku onse atatu luso limene anatikulitsa linali la kuchonga. Fomu inali ndi mayina a makolo kumanzere, kumanja timabokosi titatu: wayankha bwino, wayankha pang'ono, sanayankhe. Iye adzafunsa mafunso, mphunzitsi wa pa sukulupo adzakhala pambali n'kumachonga. Lamulo analibwereza mpaka tinaliloweza. Wochonga sayankhula, sathandiza, safotokozera funso. Akangolowerera, zotsatira za sukulu yake zafa.

Tsiku lachiwiri anatiuza za msonkhano wa makolo, kuti abambo, amayi ndi akomiti onse adzakhala m'chipinda chimodzi. Ndinakweza dzanja.

"Pepani mayi," ndinatero, "kwathu zimenezo sizitheka. Azimayi amene amachita za sayansizi ambiri ndi akamwana, ndipo akomiti ndi apongozi awo. Sadzayankhula. Bwanji muwafunse paokha?"

Anamwetulira monga momwe ine ndimamwetulira mwana akayankha zolakwika molimba mtima. "Madamu, maganizo amenewo ndi amene tikufuna kuthetsa. Sayansi siona kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Komanso sukulu zonse ziyenera kuyesedwa mofanana."

Mphunzitsi wina wa ku Euthini, bambo wachikulire, anaimirira. "Ndapota, mama, amvereni awa. Akunena zoona."

Mayi uja anatenga cholembera, n'kulemba mawu akuti "mwambo" pa chipepala chomata pakhoma, pansi pa mutu wakuti zokambirana pambuyo. Pambuyo pakepo sipanafike. Tsiku lomaliza chipepalacho ndinachiona atachipinda n'kuikapo mbale za mandasi. Masiku atatu athunthu, m'chipindamo muli aphunzitsi obadwira ndi kukulira ku Mzimba, iye sanatifunseko funso ngakhale limodzi la mmene anthu a kuno amakhalira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa phulalo tinadya ndife.

Tsiku lowunika linafika. Galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango nthawi ya m'mawa, mayi wa ku Lilongwe uja n'kutsikamo. Msonkhano unali m'kalasi mwanga. Azimayi anabwera ambiri, atavala zitenje za kutchalitchi, aliyense botolo lake m'chikwama kapena m'chitenje. Akulu anali atakonzekera mlungu wonse zoti akanene. Azimayi onse analowa n'kukhala pansi cha kukhomo monga mwa nthawi zonse, abambo ali pa madesiki kutsogolo.

Mayi uja ataona zimenezo nkhope inasintha. "Ayi, ayi. Palibe mzimayi akhale pansi. Dzukani nonse, khalani pa madesiki, musakanikirane ndi abambo."

Anayamba kuwagwira pamkono mmodzimmodzi n'kumawaika pamene wafuna. Ine ndili pa kona ndi fomu yanga, ndikuona zonse. Akulu anawakokera pa desiki ya kutsogolo, n'kuwakhazika pafupi ndi atatavyara athu, desiki imodzi, mapewa kutsala pang'ono kugundana. Mayo ine! Akulu anakhala kunsonga kwenikweni kwa thabwa, atatembenukira kukhoma, chitenje atachikokera kumaso. Atatavyara anayang'ana denga.

Madala aja ananong'onezana pang'ono. Kenako atatavyara anaimirira, chipewa chili m'manja, anzawo n'kuimiriranso.

"Yewo chomene, mama," anatero mofatsa. "Ife tikhale kaye panja pa mtengo paja, mbwenu amayiwa ayankhule bwino. Mukatifuna mutiitana."

Mwamva? Mdala wosapita ku maphunziro a masiku atatu anali atakonza zonse ndi mawu awiri. Chimene chinkafunika n'kungoti zikomo bambo. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuthokoza Mulungu.

"Ayi bambo, khalani pansi," anatero mayi uja, chala chili m'mwamba. "Masiku oti abambo azithawa azimayi akafuna kuyankhula anatha. Mukhala pompano mumve."

Munthu wa imvi, wa adzukulu odzaza bwalo, kumukhazika pansi ndi chala ngati mwana wa Sitandade 2, pamaso pa akamwana ake! Atatavyara anaima kanthawi, kenako anakhala, chifukwa mlendo sakanizidwa pagulu. Chipewa anachiika pa bondo.

Mafunso anayamba. Ankatchula dzina la mzimayi n'kufunsa. Mwana wanu anakuuzanipo chiyani za sayansi? Chete. Mumadziwa bwanji kuti chimanga chauma? Chete. Mzimayi ankangoweramitsa mutu, wina n'kuyankha kuti "yewo" motsitsa, basi. Mayi uja ankadikira pang'ono, n'kuyang'ana kwa ine, ine n'kuchonga. Sanayankhe. Sanayankhe. Sanayankhe.

Kenako anafika pa akulu. Khosi la botolo lawo ndinkaliona likusuzumira m'chitenje, pa ntchafu pawo. Funso linali lomwe lija la chimanga, funso limene akulu akanatha kuliyankha mpaka dzuwa kulowa, n'kumuphunzitsanso wofunsayo za mchere wokazinga. Anagwira botolo lija mwamphamvu. Atatavyara anadzikokera kumbali mpaka mwendo umodzi unatuluka m'desiki, ngati akufuna kudzichotsapo osanyamuka. Akulu sanatulutse mawu. Mayi uja anandiyang'ana, ine n'kuchonga.

Anthu amandifunsa kuti nanga iwe, wa pakamwa posatseka, unangokhala bwanji? Ndinganamizire atatavyara, kuti nanenso ndine mkamwana. Koma zoona zake si zimenezo. Ndinkaopa lamulo lija lakuti wochonga akalowerera zotsatira zafa. Ndinkati ndikakhala chete ndipulumutsa bokosi, zina ndidzakonza pambuyo. Ndinali nditaphunzira bwino kwambiri ku Boma kuja.

Abambo anayesetsa kutiwombola, koma zinthu zake sankazidziwa. Wina anati mcherewo umathiridwa m'thumba la chimanga. Atatavyara atafunsidwa anangoti, "Zimenezo amadziwa ndi amayi, mama." Mayi uja anapukusa mutu n'kutseka msonkhano.

Anthu atangotuluka, madala analowera ku mtengo wa mango, azimayi n'kuzungulira kuseri kwa kalasi. Nthawi yomweyo phokoso linabuka. Onse ankayankhula nthawi imodzi, ena akuseka chifukwa cha manyazi, ena akukalipa, mabotolo atuluka, akukhutchumula kuonetsana zimene akanaonetsa. Ndinapereka fomu n'kuthamangira mayi uja ali pa chitseko cha galimoto.

"Mayi, chonde, tiyeni kuseri kuno pang'ono pokha. Tamverani, ndi omwe aja. Mabotolo abwera nawo."

Phokoso la chimanga m'magalasi linkamveka bwinobwino pamene tinaimapo. Iye anayang'ana wotchi. "Madamu, zonenedwa kunja kwa msonkhano sizilowa mu lipoti. Tikatero ndiye kuti takukonderani. Komanso tikudikiridwa ku sukulu ina."

Kuchoka pa galimotoyo kufika kuseri kwa kalasi ndi mtunda woti ngakhale nkhuku siitopa. Anayenda ulendo wonse kuchoka ku Lilongwe kudzafufuza ngati azimayi a kuno amadziwa sayansi, azimayiwo ali apo akuichita, iye n'kukwera galimoto.

Lipoti linabwera patapita miyezi, ndipo nthawi yonseyo ahedi anakana kutsegula bokosi, ati tidikire zotsatira. Ahedi anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa. Linali la Chingerezi chosalala. Linati pa sukulu yathu sayansi sinafike kunyumba, amayi alibe chidwi ndipo sadziwa zimene ana awo amaphunzira. Linatinso abambo a m'derali safuna kumva mawu a azimayi, umboni wake ndi wakuti anafuna kutuluka mu msonkhano. Pomaliza linati bokosi lipite ku sukulu ina, ndipo mphunzitsi wa sayansi apatsidwe maphunziro ena a mmene angakopere azimayi.

Ndinawerenga ndili chiimire. Ine andiphunzitse kukopa azimayi? Azimayi amene ankadzaza kalasi yanga Lachitatu lililonse popanda wowapatsa ngakhale botolo la fanta? Ndipo mdala amene ananyamuka kuti akamwana ake apeze mpata, ndiye amulembe kuti ndi wopondereza? Ndinakalipa mu ofesimo mpaka ahedi anatseka zenera. Kumapeto kwa lipotilo kunali tsamba la umboni. Inali fomu yanga ija, yojambulidwa bwino, timizere tanga tonse tili m'bokosi lachitatu, pansi pake saini yanga.

Ndinalemba kalata ya masamba anayi. Ndinakwera pikapu mpaka ku Boma kukaipereka ndekha ku ofesi ya bungwelo. Bambo amene ndinamupeza anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kundiuza kuti lipoti likatsekedwa silitsegulidwanso, koma maganizo anga ndi ofunika ndipo adzawaganizira ulendo wina. Ndinamufunsa ngati mwa anthu amene anakonza fomu ija munali ngakhale mmodzi amene anagonapo m'mudzi wa ku Mzimba. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndimwa tiyi.

Nkhani inafika m'mudzi ine ndisanaifikitse. Tsiku lina apongozi anga aakazi anabwera pakhomo ndi uthenga wochokera kwa atatavyara. Ati mukawauze madamu asadandaule, olakwa ndife, tikanangotuluka osamvera. Ndinalira pamaso pa apongozi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Bokosi anadzalitenga Lachiwiri. Anyamata awiri a bungwe analinyamula kuchokera mu ofesi ya ahedi, likadali lowala bwino monga momwe ahedi ankafunira, n'kuliponya kumbuyo kwa pikapu. Ana a Sitandade 7 anaonerera pa mazenera. Sindinawaletse.

Mawa lake linali Lachitatu. Ana ataweruka ndinatsala m'kalasi ndikuchonga makope, ndikuganiza kuti palibe abwere. Ndinangomva "odi" pakhomo. Anali akulu. Masiku amenewo anali kwawo ku maliro a malume awo, anali atangobwera dzulo lake madzulo, ndipo zikuoneka kuti palibe anawauza. Anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa chisononkho cha chimanga, chakuda ndi chuku mbali imodzi.

"Ndasankha chonenepa chomene, madamu," anatero akuseka. "Lero ndichione chinthu chanu chamoyocho. Alendo anu anapita kalekale."

Ndinawauza kuti bokosi latengedwa. Anayang'ana pa tebulo pamene maikulosikopu inkakhala, n'kukhala pansi pa desiki pang'onopang'ono.

"Chifukwa?"

"Analemba kuti azimayi a kuno simudziwa kanthu za sayansi, ndipo mulibe nazo chidwi."

"Ife?"

"Inu."

Anatembenuza chisononkho chija m'manja. Kenako anati, "Koma mayi uja sanagwire cholembera tsiku lija. Ine ndinkamuona m'mbali mwa diso, ankangofunsa. Nanga analemba ndani?"

Ndikanatha kufotokoza za masiku atatu a ku Boma, za lamulo la wochonga, za kalata yanga ya masamba anayi. Zonsezo zinali pakamwa.

"Ndine, akulu," ndinatero.

Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Sanakalipe. Anaimirira, n'kuika chisononkho chija pamwamba pa makope amene ndinkachonga, n'kumanga chitenje chawo.

"Mbwenu sungani, madamu," anatero. "Mukadzapitanso ku maphunziro anu aja mukawapatse. Iwo ali ndi poonera."

Botolo lawo akuligwiritsabe ntchito, ndipo chimanga chawo sichiola. Koma Lachitatu m'kalasi mwanga sanabwerenso, ndipo chuku chija sanachione mpaka lero.